Manotsi asowa pa kompyuta: poyambira kusaka musanataye mtima

Dandaulo lake limakhala lomwelomwelo, kaya wabwera nalo ndi mphunzitsi wa ku Bembeke, mlangizi wa zaulimi wa ku Lobi, kapena mlembi wa gulu la alimi a mbatata ku Tsangano: "Dzulo ndinalemba bwinobwino, lero ndatsegula mulibe kanthu." Ena amati zolemba zilipo koma ndi zakale, za mwezi watha. Ena amapeza tsamba limodzi laberekana, ndipo sakudziwanso lenileni ndi liti.

Anthu amenewa amalembera mu Obsidian, Joplin, Logseq kapena Zim, mapulogalamu amene amasunga chilichonse pa kompyuta pomwepo osadikira intaneti. Kwathu kuno kusankha kumeneku n'kwanzeru. Ukangochoka pa M1 n'kulowera ku Mayani, kapena kutsetsereka kupita ku Golomoti, netiweki imabwera ikafuna, ndipo bandulo si yoti munthu aziwotcha pongofuna kuwerenga zimene analemba yekha. Koma kumbali inayi palibe kampani imene ikukusungirani zolembazo. Wosunga ndinu nomwe. Ndipo mwa anthu amene ndakhala nawo pansi pa vuto limeneli, ambiri zolemba zawo zinali zisanafufutike ayi. Zinali pomwepo, kungoti mwini wake sankadziwa foda imene zimagona. Kufufutika kwenikweni kumadza pambuyo pake, munthu akayamba "kukonza".

Ndiye choyamba, manja m'thumba. Musachotse pulogalamu n'kuiikanso, chifukwa manotsi sakhala m'kati mwa pulogalamu. Musafomate fulashi ngakhale Windows ikuumirizeni. Musatsitse mafilimu kapena nyimbo pa disiki imene zasowerapo, popeza fayilo yofufutidwa imatha kubwezedwa pokhapokha malo ake asanalembedwepo zina. Ngati foni ndi laputopu zimagawana manotsi, zimitsani kugawanako kaye pa zonse ziwiri.

Kodi manotsi anu amagona pati?

Funso ili likayankhidwa, ntchito yambiri yatha.

Obsidian imasunga tsamba lililonse ngati fayilo yakeyake yothera ndi .md, m'foda imene iyo imaitcha vault. Mafayilo amenewa ndi mawu wamba, Notepad imawatsegula. Dinani kumanja kwa mawusi pa tsamba lililonse m'pulogalamumo n'kusankha Show in system explorer, mudzaona pamene fodayo ili. Logseq ya mafayilo imachitanso chimodzimodzi, ili ndi mafoda awiri, journals ndi pages. Zim imasunga mafayilo a .txt.

Joplin ndiyo yosiyana, ndipo ndi imene imagwetsa anthu ulesi. Manotsi ake onse ali m'fayilo imodzi yotchedwa database.sqlite, zithunzi zili pambali m'foda ya resources, ndipo zonsezi zili pamalo amene munthu safikako mwangozi. Tsegulani File Explorer, pamwamba polemba adiresi lembani %USERPROFILE%\.config\joplin-desktop, mudzazipeza. Nkhani yake imavuta chonchi: laputopu yayamba kuvuta, mwaipereka kwa achimwene okonza pa boma, iwo akopera Documents, Desktop ndi Pictures mokhulupirika ndithu, n'kuika Windows yatsopano. Foda ya Joplin sanaione, chifukwa simunawauze. Musanapereke makina kwa wina aliyense, pitani pa File, Export all, JEX, fayilo yotulukayo, imene imanyamula manotsi anu onse, muiike pa fulashi imene itsale m'manja mwanu.

Mukaipeza foda ya manotsi, ikopereni yonse kwina musanaikhudze. Ngati ndi Joplin, itsekeni kotheratu kaye, kuphatikizapo kachizindikiro kake kamene kamatsalira pafupi ndi wotchi. Zoyesayesa zonse muzichitira pa yokoperayo.

Pulogalamu yatsegula mopanda kanthu

Ili ndi losavuta ngakhale limaopsa. Nthawi zambiri foda yasuntha kapena yasinthidwa dzina, ndiye pulogalamu ikuyang'anabe pamalo akale. Mwana amakonza Desktop, n'kukokera foda yanu m'kati mwa foda ina. Kapena manotsi ali pa fulashi imene dzulo inali E: koma lero, chifukwa munayamba mwalowetsa modemu kapena fulashi ina, yakhala F:. Kwa pulogalamu amenewa ndi malo awiri osiyana.

Tsegulani This PC, posakira lembani *.md, mudikire. Zikatuluka, zisanjeni potsata Date modified kuti zatsopano zikhale pamwamba. Fayilo ya dzulo ikaoneka, foda imene ilimo ndiyo yanu. Mu Obsidian sankhani Open folder as vault n'kuloza foda imeneyo. Samalani kuloza foda yaikulu, osati kafoda kam'kati, apo ayi mudzaona theka la manotsi n'kuyambanso kudandaula. Mu Logseq, mafayilo akakhalapo koma osaoneka m'pulogalamu, Re-index imawabweretsa. Mu Zim ndi Update Index.

Yang'ananinso mu Recycle Bin. Koma dziwani kuti chofufutidwa pa fulashi sichipita kumeneko, chimangochoka. Obsidian ili ndi posankha, pa Settings, Files and links, kuti zofufutidwa zizipita m'foda yakeyake ya .trash m'kati mwa vault. Kwa amene manotsi awo ali pa fulashi, kusankha kumeneku ndiko koyenera.

Kamtambo kabuluu

Apa ndichedwapo, chifukwa vutoli lachuluka chibwerere Windows 11. Poyatsa laputopu yatsopano munthu amalowa ndi akaunti ya Microsoft, amadina Next kangapo osawerenga, ndipo mafoda a Documents ndi Desktop amalowa pansi pa OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti. Palibe chimene chimaoneka kuti chasintha. Koma OneDrive ili ndi njira yosungira malo pa disiki: fayilo imene simunaitsegule kwa nthawi imatha kuchotsedwa pa kompyuta n'kutsala pa intaneti pokha, pa makina panu n'kutsala dzina lokha. Muli pa boma, netiweki ilipo, mukadina imatsika msanga osazindikira n'komwe. Mukafika kumudzi ku Kasumbu, dzina likuoneka koma tsamba silitseguka, kapena Obsidian imangoima pa chitseko osalowa.

Chizindikiro chake chili pambali pa dzina la fayilo mu File Explorer. Kamtambo kabuluu ndiye kuti fayiloyo palibe pa kompyuta. Kachongi kobiriwira m'kabwalo koyera ndiye kuti ilipo lero koma ikhoza kudzachotsedwa. Kabwalo kobiriwira kodzaza ndiye kuti ikhalapo nthawi zonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Fayilo ya kamtambo ndi yapachala.

Pokonza pamafunika intaneti kamodzi kokha. Dinani kumanja pa foda yonse ya manotsi, sankhani Always keep on this device, mudikire mpaka timitambo tonse titasanduka tobiriwira. Manotsi a mawu okhaokha salemera, masamba mazanamazana sakwana ngakhale kukula kwa nyimbo zingapo. Zimene zimadya bandulo ndi zithunzi ndi ma PDF. Zikatsika zonse, ine ndimalangiza kusamutsa fodayo kuichotsa mu Documents n'kuiika pamalo amene OneDrive safikapo, monga C:\Manotsi. Munasankha pulogalamu yosadalira intaneti. Musalole kuti foda yake idalire intaneti mwakabisira. Ngati zina zinafufutika zili pansi pa OneDrive, lowani pa webusaiti yake muone mu Recycle bin yakumeneko, imene pa akaunti wamba imasunga zinthu masiku 30.

Fulashi yabwerako kopulinta

Aliyense amene wapulintitsapo mayeso kapena lipoti pa malo opulintira a pa boma, pa Lizulu kapena pa Chimbiya akuidziwa nkhaniyi. Kompyuta imodzi imalandira mafulashi a anthu onse a tsiku limenelo. Mukafika kunyumba, mafoda anu onse asanduka timafayilo tokhala ndi kamuvi pakona, kukula kwake 1 KB kapena 2 KB.

Musadine timeneto, ndi momwe vayirasiyo imalowera pa makina anu. Mafayilo anu sanafufutidwe, angobisidwa. Umboni wake: dinani kumanja pa fulashi, Properties, mudzaona kuti malo ogwiritsidwa ntchito akadali ochuluka monga kale. Yambani mwaipima fulashiyo ndi Windows Security. Kenako tsegulani Command Prompt n'kulemba izi, kusintha E ndi chilembo cha fulashi yanu:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Mafoda adzaonekanso. Nthawi zina amapezeka ataunjikidwa m'foda yopanda dzina. Itseguleni, ali momwemo. Akopereni pa kompyuta, mufufute timafayilo ta kamuvi ndi ena achilendo othera ndi .vbs kapena .lnk. Zikabweranso mukangolowetsa fulashi, ndiye kuti vayirasi yakhazikika pa kompyuta yanu yomwe, ndipo iyeneranso kupimidwa yonse.

Fulashi ya manotsi isamapite kopulinta. Chimene mukufuna kupulinta chisandutseni PDF, muchiike pa fulashi ina yoyendera, imene ikadwala simudandaula nayo.

Magetsi azima muli pakati polemba

Malaputopu ambiri amene tili nawo ndi ogula kwa ena, batire linafa kalekale, amangoyendera chingwe. Magetsi akathima, kapena inveta ya sola ikalira n'kudula madzulo a mitambo ya mu June, makina amazima nthawi yomweyo. Obsidian imasunga yokha pakangopita timasekondi, zomwe ndi zabwino, koma kuzima kukachitika pamene ikulemba pa disiki, tsamba limene munali nalo limatha kutsala lopanda kanthu, 0 KB, kapena lodzaza zizindikiro zosawerengeka. Masamba ena onse amakhala bwinobwino. Lowonongeka ndi limodzi, koma limakhala lomwe munalifunitsitsa.

Mankhwala ake ali m'pulogalamu momwemo ndipo ambiri sawadziwa. Pitani pa Settings, Core plugins, File recovery, n'kudina View. Lembani dzina la tsambalo. Obsidian imajambula zimene zili m'tsamba limene mukusintha pa mphindi 5 zilizonse, n'kuzisunga masiku 7. Sankhani ya nthawi magetsi asanazime, mukopere mawuwo. Pali zinthu ziwiri zoti mudziwe. Masiku 7 ndi ochepa: mphunzitsi amene watseka laputopu potsekera teremu n'kudzazindikira vuto potsegulira akhoza kupeza zitapita. Lero lomwe sinthani nambalayo ikhale 60 kapena 90. Chachiwiri, zojambulazi sizikhala m'foda ya manotsi, zimakhala pa kompyuta imene munalemberapo, ndipo zimatsata malo amene fodayo inali. Ngati mwaisuntha foda posachedwa ndipo simukuona kanthu, ibwezereni pamalo akale kaye.

Joplin imapirira kuzima kwa magetsi kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa SQLite, imene imayendetsa fayilo yake yaikulu ija, inapangidwa kuti isasiye ntchito ili theka. Ilinso ndi mbiri ya tsamba lililonse ya masiku 90: dinani kachizindikiro ka i pamwamba pa tsambalo, musankhe Previous versions of this note. Chobwezedwacho chimakafikira m'buku lotchedwa Restored Notes. Koma mukaona uthenga wakuti database disk image is malformed, fayilo yaikulu ija yavulala, ndipo kawirikawiri ndi disiki imene ikutha. Koperani foda yonse msanga, kenako fufuzani foda ya JoplinBackup m'foda ya dzina lanu pansi pa C:\Users. Joplin za masiku ano zimadzisungira mafayilo a JEX mmenemo. Logseq nayo imasiya zakale m'foda ya bak, m'kati mwa foda ya logseq.

Kulembera pa fulashi mwachindunji kumawonjezera ngozi imeneyi. Mafulashi ambiri amabwera ali FAT32 kapena exFAT, ndipo mitundu imeneyi ya kafomatidwe ilibe kaundula wothandiza kudzikonza ikadulidwa pakati, pamene NTFS ya disiki ya m'kati ili naye. Fulashi ikayamba kunena kuti foda siyikuwerengeka, koperani kaye zonse zimene zikutheka, ndiyeno mulembe chkdsk E: /f mu Command Prompt. Ikatha, nthawi zina pamabadwa foda yobisika ya FOUND.000 yokhala ndi mafayilo othera ndi .CHK. Musawataye. Atseguleni ndi Notepad limodzilimodzi. Apa m'pamene ubwino wa manotsi a mawu wamba umaonekera: chidutswa cha fayilo ya Word sichiwerengeka, koma chidutswa cha .md mumachiwerenga ndi maso n'kuchizindikira.

Ngati fayilo inafufutidwa ndithu, mapulogalamu a Recuva kapena PhotoRec amatha kuibweza, bola zobwezedwazo muzilozere pa disiki ina. Pa fulashi ndi pa disiki zakale zozungulira mwayi ulipo. Pa SSD, disiki yamakono yosazungulira, mwayi ndi wochepa, chifukwa imayeretsa yokha malo ofufutidwa mosachedwa.

Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba kung'anima pa phiri la Dedza, zulani chaja pakhoma. Limenelo si vuto la pulogalamu, koma latha makina ambiri.

Zakale zabwerera, kapena masamba aberekana

Izi zimachitika kwa amene amagawana manotsi pakati pa foni ndi laputopu. Ambiri amagwiritsa ntchito Syncthing, pulogalamu yogawana mafayilo, ndipo ndi yoyenera kuno chifukwa sifuna intaneti: mukayatsa hotspot pa foni, data ili yozimitsa, laputopu n'kulumikiza, ziwirizi zimaonana n'kupatsana mafayilo. Pa Android, pulogalamu yake yoyambirira inasiya kutulutsidwa kumapeto kwa 2024, ndipo anthu anasamukira ku Syncthing-Fork. Zikakana kuonana, onani zinthu ziwiri. Windows ikhale itaika netiwekiyo ngati Private, osati Public. Ndipo foni imene ikupereka hotspot imadziona ngati siili pa Wi-Fi, ndiye Syncthing-Fork imatha kugona. Muyenera kuiuza, pa malamulo ake a nthawi yogwirira ntchito, kuti iyake ndithu.

Mukasintha tsamba limodzi pa foni muli kumunda, n'kulisinthanso pa laputopu madzulo zisanaonane, Syncthing singadziwe lofunika ndi liti. Imasunga onse awiri. Limene likuoneka latsopano limatsala ndi dzina lake, linalo limapatsidwa dzina lalitali lokhala ndi mawu akuti sync-conflict ndi deti. Choncho "zolemba zanga zasowa" nthawi zambiri zimakhala m'fayilo imeneyo, pafupi pomwepo. Sakani mawu akuti sync-conflict m'foda, mutsegule masamba awiriwo moyandikana, muphatikize ndi manja, kenako mufufute lotsalalo. Joplin imachita zofanana: imaika tsamba lanu m'buku lotchedwa Conflicts.

Koma n'chifukwa chiyani ena amapeza kuti nthawi zonse cha pa laputopu ndicho chimagonja, ngakhale chili chatsopano? Yang'anani wotchi. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kakang'ono kozungulira, kawirikawiri CR2032, kamene kamayendetsa wotchi makina akazima. Kakatha mphamvu, ndipo batire lalikulu nalo linafa, deti limabwerera zaka zambiri m'mbuyo mukangozula chingwe. Zimene mwalemba lero zimadindidwa chaka chakalekale, ndipo poyerekeza ndi za pa foni zimaoneka ngati zachikale. Kabatireko n'kotchipa. Pa desikitopu mumasintha nokha. Pa laputopu zina kali ndi kachingwe ndipo kamafuna womasula makina.

Pali china chobisika kuposa ichi. Laputopu zochokera ku UK, Japan kapena Dubai zimafika zili ndi chigawo cha nthawi chakumeneko. Munthu amaona wotchi yalakwika, amangokonza maola ndi manja, chigawo osasintha. Pa sikirini nthawi ikuoneka yolondola, koma m'kati makina akuwerenga nthawi yosiyana ndi ya foni ndi maola angapo. Pitani pa Settings, Time and language, musankhe chigawo cha UTC+02:00 Harare, Pretoria, chimene chili nthawi yathu, ndiyeno mukonze maola.

Chizolowezi chimene chimachepetsa mikangano yonseyi n'chosavuta: musanayambe kulemba pa chipangizo china, dikirani Syncthing inene kuti Up to Date. Ndipo foda imodzi isagwiridwe ndi mapulogalamu awiri ogawana mafayilo, monga Syncthing ndi OneDrive pamodzi.

Anthu amaganiza kuti popeza manotsi ali pa foni ndi pa laputopu, ndiye kuti ali ndi kosungira kuwiri. Ayi. Mukafufuta tsamba pa foni, kufufutako kumapitanso pa laputopu. Tsamba likawonongeka n'kukhala 0 KB, kuwonongekako kumagawidwanso mokhulupirika. Mu Syncthing yatsani File Versioning pa foda imeneyo, chifukwa imabwera yozimitsa; pa mitundu yake, Staggered ndi yabwino. Zakale zizipita m'foda yobisika ya .stversions. Muyatse pa zipangizo zonse ziwiri, popeza chilichonse chimasunga zokhazo zimene zasinthidwa kuchokera ku chinzake, osati zimene mwasintha pomwepo.

Kwa a Joplin pali msampha umodzi woopsa. Ngati mumagawana kudzera pa foda ya pa fulashi, ndipo fulashiyo yafomatidwa kapena mwalowetsa ina imene yatenga chilembo chomwecho, Joplin imapeza kumaloko kulibe kanthu. Mwa malamulo a kugawana, izi zikutanthauza kuti zonse zafufutidwa ndipo nayo ifufute zake. Imaima n'kuchenjeza ndi mawu akuti fail-safe. Musazimitse chitetezo chimenecho kuti uthenga uchoke. Tulutsani JEX kaye. Kenako, ngati manotsi abwino ndi a pa kompyutapo, pitani pa Options, Synchronisation, Show Advanced Settings, musankhe Re-upload local data to sync target. Batani loyandikana nalo, loyamba ndi Delete local data, limachita zosiyana kotheratu. Werengani kawiri musanadine.

Zilipo, koma posaka sizikutuluka

Vuto ili ndi la ife olemba m'Chichewa, ndipo mabuku a malangizo a mapulogalamuwa salitchula. Mneni wathu amasinthira kutsogolo: kubzala, tinabzala, adzabzala, osabzala. Kusaka kwa Joplin kumayang'ana mawu athunthu, ndipo kanyenyezi kamathandiza kumapeto kokha, monga bzal*. Mukalemba bzala, tsamba lokhala ndi "tinabzala" silituluka, ndiye mumaganiza kuti lasowa. Yambani ndi kamzere kopendeka, /bzala, Joplin isake zilembozo paliponse pamene zili, ngakhale pakati pa mawu. Imachedwerapo koma imapeza. Mu Obsidian kulemba tsinde lokha, bzala, kumakwanira.

Chinanso ndi kankhodolero ka mu ng'ombe, ng'oma, pang'ono. Kiyibodi imalemba kowongoka, koma Word imakasandutsa kopindika, ndipo mafoni ena amateronso. Pa maso n'zofanana, kwa kompyuta ndi zilembo ziwiri zosiyana. Lipoti limene munakopera kuchokera mu Word silingatuluke mukasaka ndi kowongoka. Sakani chidutswa chopanda chizindikirocho, monga ombe. Chimodzimodzi ŵ: tsamba lina munalemba Malaŵi, lina Malawi. Mu Obsidian lembani Malawi OR Malaŵi. Koma chabwino n'kusankha kalembedwe kamodzi pa mitu ya masamba n'kukakamira komweko.

Mukatsegula fayilo yakale n'kupeza MalaÅµi kapena ngâ€™ombe, mawu sanawonongeke. Fayilo yolembedwa mu UTF-8, njira yamakono yosungira zilembo, yawerengedwa ngati ya mtundu wakale wa Windows. Musasunge ili choncho. Itsekeni, muitsegulenso mu Notepad mutasankha UTF-8 pa Encoding.

Zithunzi za masamba a m'kope kapena za pa bolodi kawirikawiri sizisakika monga mawu. Pansi pa chithunzi chilichonse lembani mzere umodzi wonena zimene zilimo.

Kulemera ndi kukana kulowa

Obsidian, Joplin ndi Logseq zonse zinamangidwa pa Electron, kutanthauza kuti iliyonse imanyamula bulawuza yakeyake m'kati. Pa makina a 4 GB, mukatsegulanso Chrome, zimakwawa. Mu Obsidian yatsani Restricted mode, imene imazimitsa mapulagini onse owonjezera; ikapepuka, ayatseni limodzilimodzi mpaka wolemetsayo adziulule. Mavidiyo ndi mabuku akuluakulu a PDF musawaunjike m'foda ya manotsi. Pa Windows 7 zatsopano sizilowa, chifukwa Electron inasiya Windows 7 ndi 8 mu 2023. Makina oterowo Notepad yomwe imatsegulabe mafayilo a .md. Ndipo fayilo yoikira pulogalamu imene ikuyenda bwino pa makina anu muisunge pa fulashi, kuti tsiku loikanso musadzafune bandulo.

Kusunga kwenikweni

Kamodzi pa sabata, tsekani pulogalamu, dinani kumanja pa foda ya manotsi, muipange zip, muipatse dzina la deti monga manotsi-2025-06-14, muiike pa fulashi. A Joplin atulutse JEX n'kuipatsa dzina lomwelo. Musafufute ya sabata yatha. Sungani zingapo, chifukwa tsamba lowonongeka limatha kudziwika patapita mwezi. Mafulashi akhale awiri osinthanasinthana, ndipo imodzi isamagone m'chikwama cha laputopu. Chikwama chikatsala mu minibasi ya ku Lilongwe, zonse zimapita limodzi. Tsiku limene muli ndi bandulo yotsala, zip imodzi mudzitumizire pa imelo.

Pokopera, Windows ikanena kuti dzina la fayilo latalika, musangodina Skip. Malire akale ndi zilembo 260 kuwerengera mafoda onse a m'njira, ndipo ife timakonda mitu yaitali ngati chiganizo chonse. Masamba odumphidwawo ndi amene adzasowe. Fupikitsani mayinawo muli m'pulogalamu momwemo, osati mu File Explorer, kuti maulalo a pakati pa masamba asaduke.

Fulashi yatsopano, makamaka yotchipa modabwitsa yolembedwa 64 GB kapena 128 GB, iyeseni ndi pulogalamu ya H2testw musanaikhulupirire. Zina ndi zachinyengo: zimalandira mafayilo osakana, mayina n'kumaoneka, koma kupitirira malo ake enieni zonse zimakhala zopanda kanthu. Kuyesako kumatenga nthawi, isiyeni igwire ntchito mukudya nsima.

Ngati munayatsa encryption mu Joplin, njira yotseka manotsi ndi mawu achinsinsi, mawu achinsinsi ake muwalembe papepala n'kuwasunga pamodzi ndi masatifiketi. Palibe amene angakubwezereni mukawaiwala.

Pomaliza yesani zimene mwasungazo. Tengani zip ija pa kompyuta ina, ya kusukulu kapena ya mnzanu, muimasule, mutsegule masamba angapo akale ndi atsopano. Onaninso zithunzi. Mawu akaoneka koma zithunzi n'kukhala mabokosi opanda kanthu, ndiye kuti zithunzizo zili kunja kwa foda ya manotsi, mwina mu Downloads kapena m'foda ya WhatsApp, ndipo sizinalowe mu zip. Bwererani pa makina anu, muzikokere m'kati mwa vault, ndipo pa Settings, Files and links, muiuze Obsidian foda imodzi ya m'kati momwemo imene zithunzi zatsopano zizifikira. Kenako pangani zip ina.